Galimoto Yonyezimira ndi Chingwe Chobwereka

Panali munthu wina wake, anzake ankamutchula kuti Wasola chifukwa ntchito yake inali yoika masola a magetsi a dzuwa kumadera akutali. Tsiku lina anayamba kuzungulira mogulitsa magalimoto, mawu ake ali amodzimodzi: "Ndikufuna fobayifo, yokoka ndi matayala onse anayi. Yosaopa mchenga, yosaopa matope."

Anali ndi chifukwa chothamangira. Mkazi wake anali woyembekezera, mwezi wotsiriza, ndipo anali kwa mayi ake, kutali kosafika msewu wa tala. Adokotala anali atanena kale kuti mwanayo wakhala mopingasa, adzabadwa ndi opareshoni basi. Mvula inali itayamba kuwaza.

Atayang'ana zambirimbiri, mtima wake unatsala pa ziwiri. Yoyamba inali ya mayi wina wamasiye: yakale, penti yosuwa, mpando wong'ambika, wailesi yosalankhula. Yachiwiri inali ya bambo wina wa suti amene anamupeza pa intaneti: yakuda bii, yonyezimira, mipando yachikopa, mtengo wotsikirapo.

Mayi wamasiyeyo anamuuza kuti, "Mwananga, malemu amuna anga sankagula galimoto asanailowetse mumchenga. Kuseri kuno ulipo. Tengani yangayi mukaititimize dala, muone ngati ituluke. Inayonso mukaiyese chomwecho. Ndipo mugone pansi, muione kumimba."

Wasola anapita kwa wa suti uja n'kutchula za mchenga.

"Bwana wanga, mukufuna mundidetsere katundu? Ndangoitsukitsa kumene. Taonani apa." Anakankha kagiya kakang'ono, kanyali kobiriwira kanayaka pa dashibodi. "Mwaona? Matayala onse anayi alowa. Iyi ndi ndege, yangosowa mapiko. Komanso pali wina akubwera kudzaitenga masana ano."

Wasola anayang'ana simenti ya pansi, anayang'ana malaya ake oyera. Sanagone pansi. Analipira.

Pobwerera anadzera kwa mayi uja kukawauza kuti wagula kwina. Mayiwo sanakhumudwe. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chingwe chachikulu chokokera galimoto.

"Ichi chokha musakane. Mudzabweza podzandionetsa mwana."

Wasola anaseka. "Mayi, galimoto imeneyi ndi yokoka zinzake, si yokokedwa."

Mayiwo anatsegula okha chitseko chakumbuyo n'kuika chingwecho pansi pa mpando.

Popita kukatenga mkazi wake msewu unali wouma, anayenda bwinobwino. Atafika, mvula inagwa yosaleka. M'mawa mwake ananyamuka ulendo wa kuchipatala, mkazi wake ndi apongozi ali kumbuyo. Atafika pamalo ena otsika, galimoto inatitimira. Anakankha kagiya kaja, kanyali kanayaka. Anaponda mafuta. Matayala akumbuyo ankangozungulira n'kumamwaza matope, akutsogolo ali duu.

"Bambo ake, bwanji?" anafunsa mkazi wake.

"Tituluka pompano, usadandaule."

Anathyola nthambi, anatola miyala, anakumba ndi manja. Galimoto inkangolowerabe. Kenako apongozi anatulutsa mutu pawindo.

"Apongozi, madzi asweka! Mwanayu sangabadwire muno, munamva zimene ananena adokotala!"

Foni inalibe netiweki. Anakwera pachulu, anaikweza m'mwamba, palibe. Mkazi wake anali akuluma nsalu kuti asakuwe. Apa m'pamene Wasola anagona pansi, chagada, m'matope, n'kusuzumira kumimba kwa galimoto. Shafiti, chitsulo chachitali chopereka mphamvu ku matayala akutsogolo, munalibe. Wina anachimasula kalekale, ndipo pamene chinali panachita dzimbiri. Chinkagwira ntchito chinali kanyali kokha.

Analira konko, pansi pa galimoto, kuti mkazi wake asamuone.

Dzuwa litapendeka kunamveka thirakitala. Wasola anathamanga n'kugwada pakati pa msewu.

"Achimwene, dzukani, mundipatsa tsoka," anatero woyendetsa thirakitalayo. "Kukoka ndikoka, koma tcheni ndasiya kumunda. Kukatenga, ndibwera kutada."

Wasola anagwira mutu. Apongozi ndiwo anafuula kuti, "Nanga chingwe chimene ndakhala ndikuchiponda njira yonseyi?"

Anamanga. Thirakitala itakoka, chingwe chinaduka. Anachilumikiza ndi mfundo yaikulu. Kachiwiri galimoto inatuluka. Woyendetsa thirakitala uja sanabwerere. Anawatsogolera mpaka pamsewu wolimba, akuti kutsogolo kunali malo enanso oipa.

Kuchipatala mkaziyo anamuthamangitsira ku opareshoni. Mwana anabadwa osalira, ndipo anakhala masiku ambiri m'kabokosi kagalasi, timachubu tili m'mphuno. Namwino wina, poona Wasola akunjenjemera ndi malaya a matope, anamubweretsera bulangete, n'kumuuza motsitsa mawu kuti akanachedwa pang'ono akanataya onse awiri.

Nambala ya bambo wa suti sinapezekenso mpaka lero.

Mwana atatuluka, Wasola anachapa chingwe chija ndi sopo, anachiyanika, anachikulunga bwino. Anapita kwa mayi wamasiye uja pamodzi ndi mkazi wake ndi mwana. Galimoto yakale ija inali itagulidwa kale. Anawapeza akusesa pakhonde. Anaika chingwecho pampando, maso ali pansi.

Mayiwo anaona mfundo ija pakati pa chingwe. Anaigwira pang'ono ndi chala. Anangotsamiritsa tsache pakhoma, anapukuta manja, n'kunena kuti, "Bwera nayeni kuno ndimunyamule."

Phunziro: Galimoto yoyendera misewu yoipa musaigule chifukwa cha penti kapena kanyali ka pa dashibodi. Iyeseni mumchenga, gonani pansi muione, ndipo wogulitsa akamakufulumizitsani, chokanipo. Wokuchenjezani pamene iyeyo sapindulapo kanthu, mumvereni. Tumizirani abale ndi anzanu amene akusaka galimoto, mwina mungapulumutse mayi ndi mwana.