Madontho Pansi pa Galimoto ya Bambo

"Ndinakuuza kuti chiyani za mafuta amene aja?"

"Koma bambo, pampu imagwira imodzi yokha. Mumafuna ndiikankhe kuchokera kumeneko?"

"Bola ukanaikankha. Galimoto iyi ndi mkulu wako, unabadwa n'kuipeza. Ndiye iwe wati uimwetse mowa wa nzimbe?"

Mzime anasuzumira pa foni. Nthawi inali itangodutsa 9 koloko. Basi yopita kusukulu ya unamwino inkanyamuka 10 koloko, imodzi yokha pa tsiku, ndipo kalata inanena mosapsatira kuti wosafika lero malo ake apatsidwa kwa wina. Sutikesi yake inali kale m'buti. Ulendowu anali ataulota miyezi isanu: yunifolomu yoyera, mzinda waukulu, mwinanso kadokotala kamanyazi komutsekulira chitseko. Tsopano maloto onsewo ankanunkha petulo.

Lachiwiri bambo ake anamutuma kukathira mafuta, ndipo anakapeza petulo watsopano yekhayekha, uja wochuluka etanolo wochokera ku nzimbe. Bambowo anagwira udalaivala zaka makumi atatu, ndipo nthawi zonse ankati petulo wotere amadya mapaipi a galimoto zakale ngati chiswe. Mzime anathira, n'kusunga pakamwa. Anaulula yekha m'mawa uno atawapeza atagwada pafupi ndi teyala lakumbuyo, akuloza madontho pa simenti.

"Ndi madontho chabe, bambo. Kudepoti si kutali."

"Ukufuna tikafike tili makala?"

"Nanga ndikwere chiyani? Maminibasi ake ati, nthawi ino?"

Bambowo anavula jekete, n'kugona chagada, n'kudzikokera pansi pa galimotoyo mpaka kunja kunangotsala miyendo. Mzime ankazungulirazungulira pabwalo, nsapato zake zatsopano zikugogoda simenti. Mumtima ankawatukwana onse: galimoto, pampu, ndi yemwe anaganiza zosakaniza mafuta.

Kenako pansipo panamveka ngati mpopi watsekuka.

"Mzime."

Mawu amenewo sanali aukali ayi. Anali aang'ono, ngati a munthu wina. Mzime anawerama. Paipi yochokera kuthanki inali itazuka, ndipo bambo ake anali ataitseka ndi chala chachikulu. Petulo ankadutsabe m'mbali mwa chalacho, kutsetserekera m'mkono, kulowa m'khwapa, kunyowetsa malaya onse.

"Usakhudze kiyi. Usakhudze chilichonse. Ndikangosiya apa, thanki yonse ili pa ine."

"Tulukani, bambo."

"Tayang'ana kumpanda."

Mzime anayang'ana. Bwalo lawo linali lotsetsereka. Kamtsinje ka petulo kanali katatuluka kale pansi pa galimoto, kakukwawa mwakachetechete kulowera kumpanda wa waya. Tsidya la mpandawo, makaniko woyandikana nawo anali atawerama akuwotcherera geti, nkhope itabisika m'chigoba chake chakuda, timoto tikuthetheka n'kumadumpha pa simenti.

Mzime anakuwa. Makina owotcherera anameza mawu ake. Anakuwanso mpaka kukhosi kunawawa, koma munthuyo sanatembenuke. Petulo anali atatsala mapazi anayi kuti afike pa waya. Atatu. Kamoto kamodzi kanadumpha mpanda, n'kuzima pouma.

Kuzungulira kugeti kunali kutali. Mzime anavula nsapato imodzi n'kuiponya ndi mphamvu zake zonse. Inakamenya chigoba chija pamphumi penipeni.

Makina anazima. Makaniko anakweza chigobacho kuti atukwane, koma fungo linamufika mawu asanatuluke. Anadumpha mpanda atanyamula beseni ndi chiguduli, n'kukankhira beseniyo pansi pa galimoto.

"Madala, siyani tsopano. Mwasamba kale zokwanira, perefyumu ameneyu ndi wodula."

Makaniko ndi Mzime anawakoka miyendo bambo aja. Bambowo anatuluka akutsokomola, maso ali psuu. Makaniko anatseka paipi ija ndi chiguduli, n'kuuza Mzime kuti athire mchenga paliponse ponyowa. Mzime anathira mchengawo ndi manja, phazi limodzi lopanda nsapato, misozi ikugwera momwemo.

Atamaliza anagwada pafupi ndi bambo ake pakhonde. Sanayang'anenso foni. M'maso mwake munkangobwera chithunzi chimodzi: miyendo iwiri ija itatulukira pansi pa galimoto yoyaka.

"Ndikanakuphani ine," anatero. "Chifukwa cha changu changachi. Munandiuza, ine osamva."

Bambo ake ankangoyang'ana pansi.

"Basi ipite. Sindingakusiyeni chonchi. Sukulu iliponso chaka chamawa."

Anawagwira dzanja. Linali lozizira.

Makaniko anali atalowa pansi pa galimoto kuti aone powonongeka. Anakhalitsako. Potuluka anali atagwira kachitsulo kozungulira, kaja komangira paipi kuti isazuke. Anakatembenuzatembenuza padzuwa, kenako anayang'ana bambowo, nthabwala zonse zitamuthera.

"Achemwali, musadziphe ndi maganizo. Paipi ili bwinobwino, mphira wake sanadyeke olo pang'ono. Petulo ameneyu akati awononge amatenga miyezi, osati masiku atatu. Kachitsulo aka kachita kumasulidwa ndi munthu, lero lomwe. Podutsa sikuludiraiva pakadali pakuwala."

Mzime anatembenuka pang'onopang'ono. Dzanja lija linali likadali m'manja mwake.

"Ndimati ingodontha pang'ono, basi ikusiye," anatero bambo ake, osadzutsa mutu. "Akulu ako onse ananyamuka ndili chete. Iwe ndimafuna utsale, Mzime."