Maluwa Asanu ndi Limodzi

"Yatsa kamerayo," anatero Octavian Dobre kwa wojambula wake polowa m'holo yathu yamasewera ku Craiova, atanyamula maluwa asanu ndi awiri.

Tonse tinasiya mipira. Mkuluyu ndi amene Loweruka, poulutsa masewera athu pa TV, ananena kuti mnzathu Ilinca amadumpha ngati wangotsika mumtengo, ndiponso kuti mkazi wakuda chonchi ntchito yake ndi kukolopa m'hotela. Anthu atakalipa sabata yonse, mabwana ake anamutuma kudzapepesa.

"Zinali nthabwala chabe, mwanawe," anatero, maso ali pa kamera. "Landira. Kuno ku Romania mkazi timamupepesa ndi maluwa. Kaya kwanuko mumatani."

"Kwathu kuti, bambo Dobre?" anafunsa Ilinca. "Ndinabadwira m'chipatala chili kuseri kwa holo ino."

"Tulukani, galu inu!" anakuwa Sanda, goloboyi wathu.

Koma Ilinca analandira maluwawo n'kuwawerenga mokweza. Anasolola limodzi, n'kuliponda ndi nsapato, otsalawo n'kumubwezera.

Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti maluwa awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi amapita kumanda basi.

Dobre anatuwa nkhope. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kubisa manja kumbuyo.

"Zimitsa!" Dobre anakalipira wojambula uja. Wojambulayo anangosendera pafupi.

"Tengani, bambo," anatero Ilinca, akumukankhira maluwawo pachifuwa. "Mukuopa chiyani? Ine si mlendo? Mwambo wanu ndingaudziwe bwanji?"