Chithunzi cha Bambo Wosungulumwa

"Yandijambuliranso munthu wa pawindo," anadandaula Aphunzitsi, akulozera mlamu wawo laputopu.

Ankafuna chithunzi choti atumizire akazi awo, chikanene zomwe pakamwa pankakanika: kuti ankasungulumwa m'nyumba mwawo momwe. Koma pulogalamu ya AI yojambula zithunziyo inkangowapatsa mnyamata ali yekhayekha m'chipinda chachikulu, akuyang'ana mvula.

"Ameneyu akusungulumwa chiyani, alamu?" anaseka mlamuyo. "Chipinda chonsechi chakechake? Akupuma uyu."

Aphunzitsi anafufuta zonse n'kulemba zomwe ankaziona pomwepo: bambo ali pabalaza ndi mkazi, ana ndi mlamu, aliyense maso pafoni, nkhani palibe.

Pulogalamuyo inajambula onse atakumbatirana, mano ali mbee.

"Chitsiru cha makina," anang'ung'udza Aphunzitsi.

Akazi awo, podzuka kukatenga chaja, anasuzumira.

"Koma ndiye mwatikongoletsa, bambo a ana. Tanditumizirani."

Aphunzitsi anatumiza.

Posakhalitsa chithunzicho chinali pagulu la banja la pafoni. Foni yawo inayamba kulira motsatizana: mkazi, ana, ngakhale mlamu, aliyense watumiza kamtima kofiira. Pabalaza ponse palibe anadzutsa mutu.