Wyson ndi Masuku a Paphiri

Panali munthu wina dzina lake Wyson, tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula. Anali wobwera, ndipo mkazi wake Felista anali woyembekezera mwana wawo woyamba. Wyson sankakamba china koma mwanayo, mpaka anzake makutu kuwawa.

Tsiku lina anafuna mitengo yokonzera chigafa choyanikamo fodya. Akunola nkhwangwa, mayi Natalia, mbadwa ya komweko, anamuimitsa.

"Kodi mukupita kuphiri uko eti? Kuli eni ake kumeneko. Mukapeza chakudya, idyani mukhute, koma osanyamula. Wonyamula amamuyesa wa pabanja pawo."

Wyson anaseka. "Amayi, ine ndine wa mpingo. Za mizimu ndinasiya kwathu."

Atafika pamwamba, nkhungu inatsika, mphepo inaleka, mbalame zonse zii. Pathanthwe anapeza lichero lodzaza masuku akupsa, pomwe nyengo ya masuku inali itatha kalekale. Anadya. Kutsekemera kwake sanakumvepo chibadwire. Kenaka anakumbukira kuti Felista wakhala akulakalaka masuku, ndiye anatapa ena n'kuika m'thumba. Apa ine sindimuweruza kwambiri, chinali chikondi. Koma anauzidwa.

Potembenuka, njira palibe. Chapatali ankamva anthu akuimba motsitsa, ngati amayi akusinja. Munkhungumo munatuluka mayi wamtali wofunda nsalu yoyera.

"Takulandirani, achimwene. Mwatenga kamba wa pakhomo pano, ndiye ndinu athu. Khalani mupumeko."

"Ayi amayi, ndikuthamangira. Akazi anga ali pafupi kuchira."

"Muwapeza. Kuno sitithamanga."

Wyson anakhala pansi, thupi lili pepuu, mtima uli mbee. Anamvera nyimbo imodzi, kenaka ina. Nkhungu itayera anaona njira, n'kutsika chothamanga dzuwa likadalipo.

Kumunsi anadabwa. M'munda mwake munali chimanga m'malo mwa fodya, ndipo chigafa chija kunalibe. Felista anali pampopi akutunga madzi. Atamuona, ndowa inagwa.

"Wyson! Tinakufunani mpaka tinatopa. Maliro anu tinalira, abusa anapemphera. Munali kuti zaka zonsezi?"

"Zaka? Inetu ndachoka m'mawa uno!"

Pomwepo kamtsikana ka yunifolomu ya sukulu kanafika kakuthamanga, mphumi ndi maso ngati Wyson yemweyo. Wyson anagwada n'kutambasula manja, misozi ili chuchuchu. Kamwanako kanabisala kumbuyo kwa Felista.

"Amayi, abambo awa akulira chiyani? Tiyeni kunyumba, adadi akutidikira."

Phunziro: Ukafika pamalo pachilendo, mvera eni dera ngakhale zonena zawo zikuseketse. Si chilichonse chopezeka chopanda mwini chomwe n'chotola, ndipo cholinga chabwino sichifafaniza chenjezo. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka amene akupita kukagwira ntchito kutali ndi kwawo.