Jekete la Makala

"Kwezani mwendowo," anatero akazi awo a Dalaivala atagwada pakhonde.

A Dalaivala anakweza mwendo wa galu, mayiwo n'kulowetsa lamba, n'kumanga pamimba. Makala anangoima njo ngati mwana amene akumuyesa yunifolomu.

Jeketelo linali la olenji, lowala moti ngakhale utatsinzina umalionabe. Telala anasokerera timizere tonyezimira m'mbali, ndipo pachifuwa anaikapo nsalu yokhuthala kuti minga ndi waya zisamamukale. Panalinso tinsapato tinayi toteteza ku phula lotentha, koma timeneto Makala anativula ndi mano asanafike n'kugeti komwe, nkhani yake n'kuthera pomwepo.

A Dalaivala sankakhulupirira zimene ankaonazo. Zaka zisanu ndi chimodzi galuyo ali pakhomopo, mayiwa anali asanamutchulepo dzina. Ankangoti "chigalu chanucho", ndipo chikayandikira kukhitchini tsache linkachita kuuluka.

Zinayamba ndi chipatala. A Dalaivala anayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo pamene ankapuma pantchito, mimba ndi imene inkayamba kulowa m'nyumba iwo akadali panja. Dokotala anawapeza ndi shuga, n'kuwalamula kuti aziyenda ola lathunthu m'mawa uliwonse, zotsekemera asamaziyandikire. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino kutauni ina, anawonjezera mawu ake pafoni: mukachita chibwana, adadi, mudzayamba jakisoni wa tsiku ndi tsiku.

Jakisoni ankamuopa kuposa apolisi apamsewu. Choncho anayamba kulawira, kutsetsereka kuchoka kunyumba kwawo kumtunda, Makala ali pambuyo. Koma galuyo anali wakuda bii. Tsiku lina kuli nkhungu, wanjinga yamoto anangotsala pang'ono kumuwomba, n'kusiya mawu amene a Dalaivala sanathe kuwabwereza kunyumba. Zina zonsezo anawafotokozera akazi awo. M'mawa mwake mayiwo anatenga tepi n'kuyamba kumuyeza galu.

Kuyambira pamenepo Makala anatchuka. Magalimoto ankachepetsa liwiro ali kutali, poganiza kuti kutsogolo akukonza msewu. Okonza matayala pakona anamupatsa dzina loti Kapitawo, ndipo akamadutsa ankamufunsa ngati phula lifike chaka chino. A Dalaivala ankayenda motukula chifuwa.

Kungoti sankayenda kwambiri. Kumunsi kwa mtsetse kunali tiyirumu, ndipo mwini wake ankaphula mabanzi pa nthawi yoipa kwambiri, imene a Dalaivala ankadutsa. Tsiku loyamba analowa kuti angopereka moni. Lachiwiri anapeza mpando wawo utawadikira kuseri kwa katani, pamene munthu wodutsa mumsewu sangakuone. Masupuni atatu a shuga, mabanzi awiri opaka majarini, ndi nkhani za mabasi akale. Galu sankaloledwa kulowa, ndiye ankagona pakhomo mpaka abwana ake amalize. Ola likakwana, a Dalaivala ankapita pampopi, n'kunyowetsa mutu ndi m'khosi mwa malaya, n'kukwera mtunda akupumira m'mwamba.

Akazi awo ankawalandira ndi madzi akumwa, n'kuwauza kuti pepani ndi ulendo. Kenako ankamuvula Makala jekete, kulichapa, kuliyanika pamthunzi kuti lisasuluke. Tsiku lina a Dalaivala anaiwala kumuveka, ndipo mayiwo anawathamangira mpaka pamsewu opanda nsapato, jekete lili m'manja.

Zimenezi zinawakhudza mtima. Anauza mwini tiyirumu kuti mkazi ali ngati injini ya dizilo, amachedwa kutentha koma akatentha sazima. Mayi amene ankathamangitsa galu ndi tsache, lero sagona tulo poopa kuti galimoto ingamugunde. Mwini tiyirumu anavomera, n'kuwawonjezera banzi lachitatu.

Patatha milungu isanu, namwino uja anabwera kudzacheza. Asanavule n'komwe nsapato, anatulutsa kamakina kake, n'kuwabaya bambo ake pachala. Anayang'ana nambala, anayang'ana mimba, anayang'ananso nambala. Shugayo sanatsike. Anali atakwera pang'ono.

Anawafunsa ngati akuyendadi. A Dalaivala anakhumudwa poyera. Anafotokoza za mlatho wakutali umene amakatembenukirapo, za mtunda wa kuseri kwa sukulu, za thukuta limene amayi ake amaliona okha tsiku ndi tsiku. Mwina makinawo ndi amene atopa, anatero. Namwinoyo anayamba kukayika, n'kumatembenuza kamakinako kuti aone mabatire.

"Ola lathunthu, mwanangu," anatero a Dalaivala. "Makala akanakhala kuti amayankhula, akanandichitira umboni. Funsa amayi akowa, amene amamukonda ngati mwana wawo."

Mayiwo anali akupinda jekete lija pamiyendo, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Mphindi zisanu ndi ziwiri kupita, khumi kubwera," anatero mofatsa. "Chigalu chakudacho chinkandisowa chikangotuluka pageti. Koma chiyambireni kuvala ichi, ndimachiona bwinobwino ndili pasinki, chitagona pakhomo pa tiyirumu. Inu mumayesa ndinasoketsera anjinga?"