Nambala ya M'buku

"Bambo a mwana, nambala imeneyo musaitenge m'buku," anachenjeza mkazi uku akuyamwitsa. "Yang'anani m'dampumo."

Mwamuna wake, katswiri wa makompyuta, ankafufuza chimene chinagwetsa makina a kuntchito. Dampu ndi fayilo yomwe kompyuta imasiya ikamafa. Kuti uiwerenge bwino, uyenera kudziwa kukula kwa sitaki, malo omwe kenelo, mtima wa makinawo, imaunjikamo ntchito zoidukiza mwadzidzidzi. Buku lakale linkati makilobaiti 8. Mkaziyo, yemwe anaphunzira pongoonerera zaka zitatu, anachotsera adiresi yoyambira sitakiyo pa yothera m'dampumo n'kupeza nambala ina yokulirapo.

"Sukulu yako yomweyi undiphunzitse ine?" anaseka mwamunayo.

Mawa lake madzulo anabwera maso ali psuu. Potsatira bukulo, anali atawerenga theka lokha la sitaki, n'kuloza chala mnzake wosalakwa pamaso pa abwana, makina n'kugwanso.

"Wandilodza ndi pakamwa pakopo!"

Mbama yoyamba inagwetsera mkaziyo patebulo. Yachiwiri inamung'amba mlomo. Anadzipinda kuphimba mwana, nsapato ikumupeza m'nthiti.

Atatopa, mwamunayo anakhala pansi ali wefuwefu n'kutsegula laputopu. Abwana anali atamuuza kuti akapanda kubwera ndi yankho m'mawa, ntchito yatha.

"Iwe," anatero mawu atafewa, osamuyang'ana. "Paja unapeza zingati?"

Mkaziyo analavulira magazi m'thewera, maso ali pachikwama chake cha zovala chimene chinali kuseri kwa chitseko. Basi yoyamba imanyamuka kusanache.

"Kagoneni, bambo a mwana. Ndikuuzani kukacha."