Chipsera cha Pansidze

Mkazi wa mmisiri analowa m'shedi ndi hamala m'manja. Inali itatha miyezi isanu chimwalirire mwamuna wake, koma fumbi la miyala linali likadali mbuu m'mawindo.

Mwamunayo ankasema ziboliboli za miyala, ndipo tauni yonse inkamudziwa. Pamphambano panali chake, papositi chake, pakhomo la chipatala chakenso. Koma muzipenyetsetsa, anthuni, poyenda m'misewumu: nkhope inali imodzi ponseponse. Mzimayi wamasaya olowa, maso akuya, chipsera chodula nsidze yakumanzere.

Mkazi wa mmisiriyo anakwatiwa masaya ali odzadza, nkhope yosalala ngati dzira. Tsono ameneyu anali ndani?

"Abambo, ndiuzeni, mkazi mumangomusemayu ndi wakuti?"

"Sanafike, mayi," ankatero mwamunayo, uku akupemerera fumbi pamwala. "Akadzafika mudzamudziwa."

Chipongwe chotani! Zaka makumi anayi anamusaka mkaziyo. M'basi, kumsika, m'tchalitchi momwe, iye maso pa nsidze za akazi anzake. Pamaliro sanalire n'komwe, ankangowerenga nkhope za obwera. Wachipserayo sanaoneke. Kuyambira pamenepo chakudya chinakana kutsika. Anaonda, galasi analitembenuzira kukhoma.

Lero m'shedimo munatsala chiboliboli chimodzi, chomaliza, chikumuyang'ana.

"Wandidyera banja iwe. Lero undiona."

Mwala wokhala ndi maso samenya, ndakuuzani. Hamala itangogunda, kachidutswa kanathetheka n'kumucheka kumaso. Magazi chuu! Mwalawo sunasweke.

Mpongozi wake anathamanga naye kuchipatala, komwe anamusoka. Podutsa pakhomo paja anazolika, kuti asaonane ndi mdani wakeyo.

Patatha milungu iwiri anabwerera kukachotsa ulusi. Namwino anamatula bandeji, kenako anamuyang'anitsitsa. Anasuzumira pawindo, n'kumuyang'ananso, n'kusuzumiranso.

"Agogo, inunso! Bwanji osanena kuti ndinu aja mwaima pakhomopa? Ife timakupatsani moni m'mawa uliwonse."

Anamupatsa kagalasi kam'chikwama. Masaya olowa, maso akuya, chipsera chodula nsidze yakumanzere.

Mkazi uja anali atafika.